Matambula a Pakhomo: Maso Patsogolo, Ndalama Pambuyo

Miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti ndiyo nthawi imene ndalama imaoneka m'makomo ambiri a m'maboma a Angonia, Tsangano ndi Macanga. Chimanga chimakhala chili m'nkhokwe, kachewere, nyemba, soya ndi fodya zagulitsidwa, ndipo maukwati, zinkhoswe ndi ziliza zimatsatana Loweruka lililonse. Pa nthawi imeneyi amayi ambiri amapita ku msika wa ku Ulongwe kapena wa ku Domwe, ena amadumpha malire kukafika pa Lizulu, kuti akagule ziwiya zatsopano. Pakati pa mbale, mapoto ndi mabeseni sipalephera kukhala kabokosi ka matambula 6, amene ena amawatcha makopo potengera Chipwitikizi.

Chodandaulitsa n'chakuti m'makomo ambiri mvula imayamba kugwa kabokosi kaja katatsala ndi matambula awiri okha. Ina inasweka panjira pobwera kuchokera kumsika, ina inathetheka tsiku limene anathiramo tiyi wotentha, ina inabenthuka mlomo ndi kucheka mwana. Ndalama ya thukuta imapita choncho. Komanso chomwera chimakhudza ulemu umene banja limapereka kwa mlendo ndi umoyo wa ana amene amamwera m'chiwiyacho tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake kusankha tambula kumafuna kudekha monga mmene munthu amadekhera posankha mbewu.

Galasi ndi mchenga wosungunula

Galasi amalipanga posakaniza mchenga woyera, soda ndi miyala ya laimu, n'kuziwotcha m'ng'anjo pa moto wofika pafupifupi madigiri 1,500 mpaka zitasungunuka ngati uchi. Luso louzira mpweya m'galasi losungunuka kuti lifufume n'kukhala chiwiya linayamba cha ku Syria zaka zoposa 2,000 zapitazo. Ku Portugal, tauni ya Marinha Grande inatchuka ndi ntchito imeneyi kuyambira mu 1769. Masiku ano matambula ambiri amaumbidwa ndi makina, ndipo ndicho chifukwa chake mtengo wake unatsika mpaka munthu wa kumudzi kutha kuwagula.

Ubwino wa galasi ndi wakuti ndi losalala ndipo silimwa madzi. Silisunga fungo la thobwa la dzulo, silichita dzimbiri, ndiponso litsiro limaoneka msanga chifukwa munthu amaona mpaka pansi. Kuipa kwake aliyense akukudziwa: limasweka. Koma magalasi onse sasweka mofanana, pakuti alipo a mitundu itatu imene wogula ayenera kuisiyanitsa.

Mtundu woyamba ndi galasi wamba, lofanana ndi la mabotolo. Matambula otsika mtengo ambiri ndi a mtundu umenewu. Ndi abwino pomwera madzi, thobwa, maheu ndi zoziziritsa kukhosi, koma sagwirizana ndi zotentha. Munthu akathira tiyi wowira m'tambula yozizira, mkati mwa galasi mumafutukuka msanga pamene kunja kukadali kozizira, ndipo galasilo limang'aluka. Anthu ambiri amaganiza kuti tambula yochindikala ndiyo ingapirire, koma zoona zake n'zakuti yochindikalayo ndiyo imathetheka msanga, chifukwa kutentha kumachedwa kufika kunja kwake. M'dera lokwera ngati la Angonia ndi Tsangano, kumene m'mawa wa Juni ziwiya zimadzuka zili zii, vuto limeneli limachitika kawirikawiri.

Mtundu wachiwiri ndi galasi lolimbitsidwa. Tambula ikaumbidwa amaitenthetsanso pa madigiri oposa 600 n'kuiziziritsa mwadzidzidzi ndi mphepo. Zimenezi zimachititsa kuti ikhale yolimba kangapo kuposa galasi wamba, ndipo imapirira tiyi wotentha. Kampani ya Duralex ya ku France yakhala ikupanga matambula otere kuyambira mu 1945. Wogula ayang'ane pansi pa tambula kapena pa bokosi: pakalembedwa mawu akuti Tempered, Temperado kapena Trempé, ndiye kuti ndi ya mtundu umenewu. Ikasweka imaphwanyika n'kukhala tizidutswa ting'onoting'ono tambiri tosathwa kwambiri, pamene galasi wamba limasiya zidutswa zazitali zakuthwa ngati mpeni. Mtengo wake ndi wokwererapo, koma pakhomo pamene pali ana imakhalitsa. Chenjezo lake ndi limodzi: ikabenthuka kapena kukandika kwambiri ikhoza kudzaphulika yokha tsiku lina, choncho yobenthuka ndi yofunika kuitaya.

Mtundu wachitatu ndi galasi lopirira moto, limene linatchuka ndi dzina la Pyrex kuyambira mu 1915 ku America. Limeneli silifutukuka kwambiri likatenthedwa, motero silithetheka ndi madzi owira, koma likagwa pansi limasweka monga lina lililonse. Silipezeka kawirikawiri m'misika ya kumudzi.

Zoyenera kuona pamsika

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Wogula ali ndi ufulu wopempha wogulitsa kuti atsegule bokosi ndi kutulutsa tambula iliyonse payokha, pakuti bokosi lomata likhoza kubisa yong'aluka. Choyamba ndi kuyendetsa chala pamlomo pa tambula mozungulira. Mlomo wabwino ndi wosalala, wopanda pokanda. Chachiwiri ndi kuikweza kudzuwa ndi kuyang'ana ngati muli mng'alu, timiyala kapena timathovu tambiri m'kati mwa galasi, chifukwa pamene pali zimenezi m'pamene imadzayambira kusweka. Chachitatu ndi kuigogoda pang'ono ndi chikhadabo: yabwino imalira bwino, yong'aluka imalira mogonthera ngati mphika wosweka. Chachinayi ndi kuikhazika pa thabwa kuti aone ngati sikugwedera.

Maumbidwe nawo ali ndi ntchito. Tambula yotakata pansi siigwa wamba pa mphasa kapena pa tebulo losakhazikika bwino. Yaitali ndi yopapatiza imaoneka bwino m'kabati, koma imagwa msanga ndipo dzanja silifika pansi potsuka, motero nsenga za thobwa zimatsalira m'menemo. Matambula okhala ndi mizere kapena ngodya m'mbali saterereka m'manja monyowa. Ndipo ngati pakhomo palibe kabati yaikulu, ndi bwino kusankha amene analinganizidwa kuti azilowetsana, chifukwa owongoka akalowetsana amakanirira ndipo amasweka powasolola.

Ndi nzeru kugula matambula a mtundu umodzi umene umapezeka nthawi zonse pamsika. Imodzi ikasweka, munthu amangogula ina yofanana nayo. Amene wagula achilendo, okongola koma osowa, amatsala ndi matambula osiyanasiyana pakutha pa chaka.

Kukula kwa tambula

Matambula ambiri omwera madzi amalowa mamililita apakati pa 200 ndi 300. Mayi aliyense ayenera kudziwa kukula kwa tambula kapena kapu ya pakhomo pake, ndipo njira yake ndi yapafupi. Atenge botolo limene linalembedwa kuti 500 ml, alidzaze madzi kawiri, imeneyo ndi lita imodzi. Kenaka awerenge kuti madziwo akudzaza matambula angati. Ngati akudzaza anayi, ndiye kuti tambulayo ndi ya mamililita 250.

Kudziwa zimenezi kumapulumutsa moyo tsiku limene mwana watsegula m'mimba usiku, chipatala chili kutali. Paketi ya mchere ndi shuga imene amapereka kuchipatala, imene kuno imadziwika kuti SRO ndipo ku Malawi amati ORS, imafuna muyeso weniweni wa madzi monga mmene alembera pa paketipo, kawirikawiri lita imodzi. Madzi akachepa, mchere umachuluka ndipo ukhoza kumupweteka mwanayo. Madzi akachulukitsa, mankhwalawo amachepa mphamvu. Ngati paketi palibe, a zaumoyo amalangiza kusungunula masipuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala, uku akukonzeka kupita kuchipatala. Zotsala zikatha maola 24 azitaye n'kukonza zina.

Kwa khanda limene lapitirira miyezi 6 ndipo layamba kulandira zakumwa zina pambali pa bere, a zaumoyo amalimbikitsa kakapu kakang'ono kotsegula pamwamba m'malo mwa botolo la nsonga ya mphira. Botolo ndi lovuta kutsuka ndipo limasunga tizilombo totsegulitsa m'mimba. Ana ang'onoang'ono asapatsidwe galasi wamba.

Matambula a mwendo

M'masitolo a ku Tete ndi m'maukwati a m'tauni mumaoneka matambula okhala ndi mwendo wautali ndi phazi lozungulira, amene pa Chipwitikizi amati taça. Mwendowo uli ndi cholinga. Munthu amagwira pamenepo kuti kutentha kwa dzanja kusafunditse chakumwa, ndiponso kuti zala zisadetse galasi. Ya mimba yaikulu ndi ya vinyo wofiira, pofuna kuti fungo lake limveke. Yocheperapo ndi ya vinyo woyera amene amamwedwa wozizira. Yaitali yopapatiza ndi ya vinyo wa thovu, chifukwa kukamwa kochepa kumasunga thovulo.

Pakhomo pa kumudzi matambula otere sagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Amathyoka msanga pamene mwendo walumikizana ndi mimba, makamaka munthu akamapotoza potsuka. Banja limene likuwafuna chifukwa cha tebulo la akwati kapena alendo a pa Khirisimasi lisankhe a mwendo waufupi ndi wonenepa, a phazi lotakata lofanana ndi mimba yake. Awiri a mkwati ndi mkwatibwi kapena 6 a alendo ndi okwanira. Pa phwando lalikulu n'kwabwino kubwereka kapena kuchita lendi kusiyana ndi kuthera ndalama ya feteleza pa zinthu zokagona m'kabati.

Pa nkhani ya zoledzeretsa, kukula kwa chomwera kumanyenga. Akatswiri a pa yunivesite ya Cambridge anapeza mu 2017 kuti matambula a vinyo ku England anakula kuchoka pa mamililita 66 cha m'ma 1700 kufika pa mamililita 449. Munthu amene amawerenga kuti wamwa awiri okha akhoza kukhala atamwa pafupifupi botolo lonse. Ndi chimodzimodzi kachasu kapena nipa: wothiridwa m'tambula ya madzi amapitirira muyeso mwini wake asakudziwa.

Chikomekome cha mkuyu

Matambula opakidwa maluwa, zithunzi ndi mizere ya golide ndi amene amakopa maso pamsika. Koma utoto wina umene amapaka kunja kwa galasi umakhala ndi mtovu kapena chitsulo china cha poizoni chotchedwa cadmium. Mu 2010 kampani ya McDonald's ku America inaitanitsa kuti abwezedwe matambula okwana 12 miliyoni a zithunzi za ana atapezeka ndi cadmium mu utoto wake. Mtovu ndi woopsa kwambiri kwa ana ndi amayi oyembekezera: umaononga ubongo pang'onopang'ono popanda chizindikiro chooneka msanga, ndipo mwana amadzavutika kusukulu. Munthu sangauzindikire ndi maso. Njira yodzitetezera ndi kusankha matambula oyera opanda utoto. Ngati ali ndi maluwa, maluwawo akhale pansi, kutali ndi pamene pamafika milomo. Utoto ukayamba kusupuka kapena kufufuta, tambulayo ichoke pa ntchito yomwera ndipo isanduke choikamo maluwa.

Palinso galasi lolemera, lonyezimira kwambiri ndi lolira ngati belu, lotchedwa cristal. Linayamba ku England cha m'ma 1674 ndi munthu wina dzina lake George Ravenscroft, amene anasakaniza mtovu m'galasi. La mtundu wakale limakhala ndi mtovu wokwana magawo 24 pa 100 alionse kapena kuposa. Mu 1991 ofufuza a ku New York anaonetsa kuti vinyo wosungidwa nthawi yaitali m'chiwiya chotere amatenga mtovu wambiri. Amene analandira ziwiya zotere ngati mphatso kapena kuzigula pa kaunjika asasungiremo chakumwa usiku wonse, ndipo ana asamweremo.

Pulasitiki, chitsulo ndi chikho

Si pakhomo ponse pamene pangakhale galasi, ndipo kumunda, kudimba ndi kumaliro kumafunika zomwera zosasweka. Makapu a pulasitiki ndi otsika mtengo, koma amakandika, ndipo m'mikandomo mumabisala litsiro ndi fungo. Pansi pa kapu yabwino pamakhala kachizindikiro ka ngodya zitatu kokhala ndi nambala m'kati. Nambala 5, imene nthawi zina amalemba kuti PP, ndiyo imapirira zotentha. Kapu yonunkha mafuta kapena mphira ikadali yatsopano, ndiponso yotuluka mtundu poitsuka, ndi yosayenera kumwera. Makapu olimba onyezimira a melamine ndi abwino pa zozizira ndi zofunda, koma asathiridwe madzi ochokera pamoto ali kuwira, ndipo asaikidwe pamoto.

Makapu achitsulo opakidwa zoyera, amene makolo ankamwera tiyi, kwenikweni ndi chitsulo chokutidwa ndi galasi lopyapyala. Amakhalitsa zaka zambiri, koma akabenthuka m'kati kapena pamlomo amayamba dzimbiri ndipo ayenera kupumitsidwa. Kapu ya chitsulo chosachita dzimbiri ndiyo yolimba kuposa zonse, ndipo ndi yabwino kwa ana. Chofunika kupewa ndi kusunga zakumwa zowawasa, monga thobwa logona, maheu kapena madzi a mandimu, m'ndowa kapena chitini cha malata, chifukwa zowawasazo zimasungunula chitsulo chokutira malatawo ndipo omwa amasanza ndi kupotokola m'mimba.

Chikho ndi chipanda zili ndi malo ake pa mwambo, ndipo palibe tambula imene ingalowe m'malo mwa chipanda pa bwalo la akuluakulu. Koma m'kati mwa chikho ndi mokhakhala ndipo mumamwa madzi, choncho chimafuna kutsukidwa bwino ndi kuyanikidwa padzuwa mpaka chiume. Chikachita nkhungu chitayidwe. Mabotolo otakata kukamwa a jamu kapena mayonezi, akatsukidwa bwino, amakhala matambula abwino osalira ndalama.

Chinthu chimodzi chisachitike konse: kuyezera mankhwala opopera kachewere, tomato kapena fodya m'kapu yomwera, kapena kumwera m'chigubu chimene munali mankhwala otere. Kutsuka sikuchotsa poizoni yense. Parafini nayenso asasungidwe m'kapu kapena m'botolo la zakumwa, pakuti mwana waludzu sasiyanitsa.

Kapu ndi mtsuko

M'makomo ambiri pamwamba pa mtsuko pamakhala kapu imodzi. Aliyense wobwera amaitenga, kuiviika m'madzi pamodzi ndi zala, kumwera pomwepo n'kuibwezera. Apa m'pamene madzi abwino a pa mjigo amaipira. Anthu a m'dziko lino amene anathawira ku Malawi pa nthawi ya nkhondo anaziona zimenezi ndi maso. Mu 1990 kolera inabuka pa msasa wa Nyamithuthu m'boma la Nsanje, ndipo ofufuza anapeza kuti kulowetsa manja m'madzi osungidwa m'nyumba kunali njira imodzi imene matendawa ankafalira. Mu 1993 pa msasa womwewo mabanja ena anapatsidwa ndowa zovundikira zokhala ndi kampopi kothirira. Tizilombo ta m'chimbudzi m'madzi awo tinachepa ndi magawo 69 pa 100, ndipo kutsegula m'mimba kwa ana osakwana zaka 5 kunachepa ndi magawo 31 pa 100.

Phunziro limeneli likadali lofunika, pakuti kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 ku Malawi ndipo inafikanso m'zigawo za Niassa, Tete, Zambézia ndi Sofala. Pakhomo pafunika zinthu ziwiri zosiyana: chotungira cha mpini wautali chimene chimakolekedwa pamwamba ndipo palibe amene amamwera, ndi tambula kapena kapu yomwera imene siilowa mumtsuko. Koposa apo ndi chigubu cha kukamwa kochepa kapena ndowa ya kampopi. Madzi akhale owiritsa kapena othira Certeza motsata malangizo a pa botolo.

Pakhomo pakakhala wodwala kolera kapena wotsegula m'mimba, kapu yake ikhale yakeyake ndipo itsukidwe ndi sopo ndi madzi a mankhwala. Koma palibe chifukwa chopatulira kapu munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV. Kachilomboka sikafala pomwera kapu imodzi, ndipo kumusala m'bale mwa njira imeneyi ndi kungomupweteka mtima.

Kunyamula ndi kusamala

Matambula ambiri amafera panjira. Pa njinga, pa njinga yamoto kapena m'chapa yodutsa m'misewu ya mabampu, tambula iliyonse ikulungidwe payokha ndi pepala kapena nsalu, iimikidwe chilili, ndipo bokosi liikidwe pakati pa zovala kapena m'thumba la ufa, osati pansi pa mapoto. Pofika kunyumba atsukidwe asanayambe kugwira ntchito.

Potsuka, matambula ndiwo ayambe madzi akadali oyera, mbale za mafuta zibwere pambuyo. Mchenga ndi waya wokwechera mapoto zimakanda galasi ndi pulasitiki ndipo zimafooketsa chiwiya. Sopo ndi kansalu kofewa n'zokwanira. Akatsukidwa avundikiridwe pa thandala kuti aume okha, chifukwa nsalu yopukutira imene yagwira zambiri imabwezera litsiro. Ngati munthu akufuna kuthira chotentha m'galasi wamba, ayambe walitsukuluza ndi madzi ofunda. Matambula awiri akakanirirana, wakunja aviikidwe m'madzi ofunda ndipo wam'kati athiridwe madzi ozizira, adzalekana okha. Tambula ikasweka, zidutswa zisesedwe nthawi yomweyo ndi kuponyedwa m'chimbudzi chokumba kapena kukwiriridwa mozama, osati kudzala kumene ana amasewera opanda nsapato.

Banja la anthu 6 kapena 7 likhoza kukhala bwino ndi makapu achitsulo kapena a pulasitiki wabwino okwanira aliyense, matambula 6 oyera a galasi lolimbitsidwa osungira alendo, jagi imodzi yovundikira ndi chotungira cha mpini wautali. Ankhoswe ndi abale amene akufuna mphatso ya akwati atsopano angachite bwino kuyambira pamenepa, matambula a mwendo n'kudzabwera chaka chimene zokolola zachita bwino. Apongozi akafika kuchokera kutali ndi fumbi kumapazi, mayi wa pakhomo amagwada n'kupereka madzi ndi manja awiri, ndipo chimene mlendoyo amayamba kuona ndi chakuti tambulayo ndi yoyera, mlomo wake ndi wosabenthuka, ndipo madzi ake ndi abwino.